Chinsinsi cha Wodwala Chisakwere pa Foni

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Kwa zaka zambiri anthu a ku Mongue, m'boma la Milange, ankalira netiweki monga mmene mlimi amalirira mvula yobzalira. Wofuna kulankhula ndi mwana wake wa ku Quelimane kapena ku Blantyre ankakwera pachulu foni ili m'mwamba, apo ayi ankapalasa njinga mtunda wautali kufunafuna pamene angamveke. Kampani ya Movitel itayamba ntchito m'chaka cha 2012 n'kumaimika nsanja zake kumidzi, kulira kuja kunayamba kuchepa. Lero wogulitsa chimanga amamva mtengo wa ku Muloza asanamange thumba panjinga, ndipo uthenga wa matenda umaoloka malire tsiku lomwelo. Mvula ija inagwadi. Nkhani ya sabata ino ndi ya matope ake, makamaka matope amene alowa m'chipatala.

Namwino wa masiku ano amayenda ndi zinthu ziwiri m'thumba la yunifolomu: cholembera ndi foni. M'fonimo muli kamera, muli WhatsApp, muli Facebook, ndipo kwa achinyamata muli TikTok. Pamenepo palibe cholakwa. Namwino naye ndi munthu, ali ndi abale ndi anzake, ndipo amafuna kuwaonetsa kuti sukulu inapindula ndiponso kuti yunifolomu ikumukhala. Komatu ntchito yake siili ngati ya wogulitsa m'golosale. Iye amagwira ntchito pakati pa anthu amene avula zovala, amene akubuula ndi ululu, ndiponso amene angomva kumene nkhani yoti sanauze ngakhale akunyumba kwawo. Kamera siisankha. Imatenga wodzijambulayo pamodzi ndi zonse zimene zili kumbuyo kwake.

Kumapeto kwa chaka cha 2018 anthu a ku Malawi anatekeseka ndi chithunzi chimodzi. Namwino wina wa pachipatala cha Ndirande mumzinda wa Blantyre anaoneka pachithunzi chodzijambula yekha, zija achinyamata amati selfie, ali m'chipinda chochilira amayi. Kumbuyo kwake kunkaoneka mayi woyembekezera ali pabedi wosavala. Chithunzicho chinayenda foni ndi foni mpaka nyumba zofalitsa nkhani za maiko akunja zinalemba za icho. Unduna wa za Umoyo unanena kuti namwinoyo waimitsidwa ntchito, ndipo nkhani yake inaperekedwa m'manja mwa bungwe loona za anamwino ndi azamba la Nurses and Midwives Council of Malawi.

Masiku amenewo anthu anakangana kwambiri za namwinoyo. Ena ankati achotsedwe ntchito, ena ankati amumvere chisoni. Ochepa okha ndiwo anaganizira za mayi uja wa pabedi. Iye sanalakwe kanthu. Anachita zimene alangizi a zaumoyo amanena tsiku ndi tsiku, zoti mayi azikachilira kuchipatala osati kunyumba, ndipo malipiro ake anali akuti thupi lake linaonedwa ndi anthu amene sadzawadziwa mpaka kalekale. Ana obadwa chaka chimenecho lero ali kusukulu, koma palibe amene angalumbire kuti chithunzicho chinafufutika m'mafoni onse. Madzi akatayika saoleka. Wantchito akhoza kuimitsidwa n'kudzabwezedwa, koma ulemu wa mayi woonetsedwa maliseche palibe ofesi imene ingamubwezere.

Wina anganene kuti zimenezo n'za m'tauni, kuno kumudzi sizingachitike. Koma Blantyre si kutali. Msewu wochoka ku Milange ukangooloka pa Muloza umadzera ku Mulanje n'kukafika ku Limbe tsiku lomwelo, ndipo mafoni a ku Ndirande ndi omwewo amene ali m'manja mwa anthu a ku Mongue. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kusunga chinsinsi cha wodwala si mwambo wobwera ndi azungu. Kale mayi akamachira, abambo ankakhala kutali, ana ankawatumiza kwa anansi, ndipo m'nyumbamo munkatsala azamba ndi amayi akuluakulu okhaokha. Mayi ndi khanda ankakhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa, ndipo zimene zinaoneka kapena kunenedwa m'menemo sizinkatuluka pabwalo. Mzamba wa pakamwa ankathawidwa ndi mudzi wonse. Ngakhale pakati penipenipo sipankalengezedwa chisawawa, anthu ankangoona okha nthawi ikakwana. Pamene amayi anasiya kuchilira m'nyumba n'kuyamba kupita kuchipatala, udindo wonse wa amayi akuluakulu aja unagwera pa namwino. Iye analandira ntchito yawo, ndiye kuti analandiranso lamulo lawo lotseka pakamwa.

Nayonso ntchito ya unamwino ili ndi malumbiro ake akale. M'chaka cha 1893 ku Detroit, m'dziko la America, kunalembedwa lumbiro la anamwino limene analitcha dzina la Florence Nightingale, ndipo mwa zina namwino amalonjeza kusunga nkhani za wodwala ndi za banja lake zimene wazidziwa pogwira ntchito. Bungwe la anamwino a dziko lonse lapansi la International Council of Nurses linakhazikitsa malamulo a khalidwe la namwino m'chaka cha 1953. Powaunikanso mu 2021 linatchula mwachindunji kuti chinsinsi cha wodwala chiyenera kulemekezedwa ngakhale pa masamba a mchezo a pa intaneti. Lamulo ndi lakale lomwelo. Chatsopano ndi foni basi.

Anamwino ambiri amadziwa kuti nkhope ya wodwala siionetsedwa. Amaiphimba ndi kachizindikiro kapena amajambula kuyambira m'khosi kutsika, n'kumati zatha. Ku Maputo kapena ku Lilongwe, kumene munthu sadziwa ngakhale dzina la woyandikana naye nyumba, mwina zimenezo zingathandize. Koma ku Mongue munthu sadziwika ndi nkhope yokha. Amadziwika ndi chitenje chimene anavala pa chinkhoswe cha mwana wake, ndi chipsera cha pamkono, ndi mphini za pamwendo, ndi njinga imene yatsamira pakhonde la chipatala, ndi mbale imene womudikirira wabweretsera phala. Woona chithunzicho amangoti, "Chitenje ichi si cha apongozi a uje?" Basi nkhani yatha, mudzi wonse wadziwa.

Ndipo sikuti vuto ndi zithunzi zokha ayi. Mawu okha amaulula. Taganizani namwino amene watopa usiku wonse, m'mawa n'kulemba pa Status kuti, "Mulungu ndi wabwino, usiku wathawu tapulumutsa mtsikana wa zaka 15 amene anataya magazi ambiri atapita padera." Dzina sanatchule, mudzi sanatchule, ndipo mumtima mwake akungothokoza. Koma ndi atsikana angati a zaka 15 amene ananyamulidwa panjinga usiku umenewo kuchokera m'midzi yozungulira chipatalacho? Mmodzi yekha. Amene anamva njinga ikudutsa, amene anaona kuti mtsikana wakuti sanapite kusukulu, amene anakumana ndi mayi ake atanyamula ndowa ndi zitenje, onsewo amangolumikiza nkhani. Pofika masana mtsikanayo ali ndi dzina latsopano kumsika, ndipo mwina sukulu yathera pomwepo.

Kukhala m'malire kumawonjezeranso vutoli. Nkhondo itafika povuta m'boma la Milange m'chaka cha 1986, anthu ambirimbiri anathawira ku Malawi, kumadera a Mulanje ndi Phalombe. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 ambiri anabwerera, koma ena anatsala, ena anakwatira komweko, ndipo mpaka lero mbumba imodzi imapezeka mbali zonse ziwiri. Anthu ambiri amayenda ndi makhadi awiri a foni, la kuno ndi la tsidya lina. Choncho chithunzi chojambulidwa kuchipatala cha kuno m'mawa chimakhala chafika kwa amalume ku Mulanje nthawi ya nkhomaliro, ndiponso kwa mwamuna amene ali ku Joni dzuwa lisanalowe. Pachipata cha malire amafunsa munthu mapepala, koma chithunzi sachifunsa kanthu.

Chimene chili pachiswe kwenikweni ndi moyo wa anthu. Kafukufuku wa INSIDA wa chaka cha 2021 anapeza kuti mwa anthu akuluakulu 100 alionse a ku Mozambique, oposa 12 ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo m'chigawo cha Zambezia chiwerengerocho ndi 17. Anthu amenewa ali moyo ndipo akulima minda yawo chifukwa amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku. Koma munthu amakatenga mankhwala kumene akukhulupirira kuti nkhani yake siimveka. Akangomva kuti namwino wakuti amajambula mndandanda wa odwala, kapena kuti mzere wa pakhomo lolandirira ma ARV unaoneka pa Facebook, amasiya kupitako. Wina amasankha chipatala chakutali kumene sakumudziwa, wina amaoloka malire, ndipo nthawi ya mvula mitsinje ikadzaza kapena ndalama ya njinga ikasowa amadumphitsa mankhwala. Wodumphitsa mankhwala kachilombo kamachulukanso m'thupi mwake, mankhwala aja akhoza kusiya kugwira ntchito, ndipo ngati ndi mayi woyembekezera kapena woyamwitsa akhoza kupatsira mwana.

Ku Tete m'chaka cha 2008 kunayamba magulu otchedwa GAAC, mothandizidwa ndi bungwe la Médecins Sans Frontières. M'magulu amenewa anthu osapitirira asanu ndi mmodzi amagwirizana kuti azisinthana kupita kuchipatala kukatengera anzawo onse mankhwala. Njirayi inafalikira m'dziko lonse chifukwa imapulumutsa nthawi ndi ndalama za ulendo. Koma maziko ake ndi amodzi: aliyense amasankha yekha anthu oti adziwe za moyo wake. Chinsinsi ndi cha mwini wake, ndiye amene amadziwa woti amuuze ndi nthawi yoti amuuze. Namwino anangosungitsidwa, monga mmene munthu amasungitsira mbewu kwa mnzake. Wosungitsidwa mbewu sakazinga.

Alipo amene amadzitonthoza ndi mawu akuti WhatsApp ndi yotetezeka. N'zoona kuti kuyambira mu 2016 uthenga wa pa WhatsApp umatsekedwa m'njira yoti wina sangauwerenge uli paulendo. Koma ukafika umatseguka, ndipo wolandirayo akhoza kuusunga, kuutumiza kwina, kapena kujambula zimene zili pagalasi la foni yake. Status imachoka pakatha maola 24, koma amene anaijambula amakhala nayo zaka. Ndiye taonani mmene foni imayendera kumudzi. Imasiyidwa pa benchi ya wotchaja kumsika tsiku lonse. Ikawonongeka imagona kwa wokonza sabata yathunthu. Madzulo mwana amaseweretsa, mlamu amabwereka kuti aimbire mnzake, mwamuna kapena mkazi amaifufuza mwini wake ali kubafa. Ikabedwa imapita ndi zonse zili m'katimo. Foni yotere si malo osungiramo chithunzi cha kaundula wa chipatala.

Magulu a pa WhatsApp a ogwira ntchito pachipatala nawonso ndi msampha wina. Gulu limayamba ndi anthu asanu okambirana za ndandanda ya ntchito. Pakapita chaka muli dalaivala wa ambulansi, muli mlonda, muli wophunzira amene anadzakhala miyezi itatu n'kupita, muli namwino amene anasamutsidwa kalekale, ndipo muli nambala ina imene palibe akukumbukira mwini wake. Tsiku lina wina amajambula tsamba la maina a anthu amene sanabwere kudzatenga mankhwala n'kuliponya m'gulumo kuti awafufuze. Cholinga n'chabwino, koma mainawo afika kwa anthu makumi awiri amene sanayenera kuwaona, ndipo mwa iwo muli wina amene dzina la mlamu wake lili pamzere wachitatu.

Malamulo a boma sanangokhala chete pa nkhaniyi. Malamulo aakulu a dziko la Mozambique a chaka cha 2004, mu ndime 41, amapatsa nzika iliyonse ufulu wa ulemu, wa mbiri yabwino, wa kuteteza chithunzi chake ndi wa kusunga za moyo wake wamseri. Chikalata cha ufulu ndi udindo wa wodwala, chimene chinavomerezedwa mu 2007, chimati za matenda a munthu zisungidwe mwachinsinsi. Lamulo nambala 19 la chaka cha 2014 limateteza anthu amene ali ndi HIV ndi Edzi, ndipo limaletsa kuulula za magazi a munthu iye asanalole. Buku la malamulo a milandu la chaka cha 2019 limatenga kujambula ndi kufalitsa za moyo wamseri wa munthu popanda chilolezo ngati mlandu woti munthu akhoza kumangidwa nawo. Ndipo bungwe la Ordem dos Enfermeiros de Moçambique, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 2016, lili ndi mphamvu yolanga namwino wophwanya mwambo wa ntchito.

Amene amakalandira thandizo tsidya lina adziwenso kuti kumeneko nako malamulo alipo. Ku Malawi kuli lamulo la za makompyuta ndi intaneti la chaka cha 2016, lamulo la za HIV ndi Edzi la 2018, ndi lamulo loteteza mbiri ya munthu la 2024, limene limaika za umoyo wa munthu m'gulu la nkhani zofunika kuzisamala mwapadera. Wodwala wochokera ku Mongue akagona pabedi ku Mulanje ulemu wake ndi wofanana ndi wa mwini dziko. Chimodzimodzi Mmalawi wodwalira kuno. Mlandu suola, ndipo chithunzi chimene chinatumizidwa mwanthabwala chaka chino chikhoza kudzakhala umboni zaka zikubwerazi.

Izi sizikutanthauza kuti namwino ataye foni m'chimbudzi. Foni yomweyo yapulumutsa anthu. Namondwe wa Freddy atagwa kufupi ndi Quelimane pa 11 Malichi 2023 n'kuwononga misewu ndi milatho m'chigawo cha Zambezia ndi kumwera kwa Malawi, madera ambiri anatsala ndi foni ndi wailesi basi ngati njira yodziwitsira anthu kumene kuli thandizo. Nthawi imeneyo n'kuti kolera ili mkati. Ku Malawi mliriwo unayamba mu Malichi 2022 ndipo unapha anthu oposa 1,700, nako ku Quelimane unakula pambuyo pa namondweyo. Uthenga wa namwino wouza anthu kuthira mankhwala m'madzi akumwa, kusamba m'manja ndi sopo, kumwetsa wodwala thanzi ndi kuthamangira naye kuchipatala, ndi uthenga woyenera kuyenda pa foni iliyonse. Chimodzimodzi masiku a katemera wa poliyo, amene anayamba matendawa atapezeka ku Lilongwe mu Febuluwale 2022 ndi ku Tete mu Meyi chaka chomwecho.

Dera lino likudziwanso bwino kuopsa kwa mphekesera. Mu Sepitembala ndi Okutobala 2017 mbiri ya anamapopa inagwedeza Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi madera ena. Anthu angapo anaphedwa powaganizira kuti amapopa magazi, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe kwa kanthawi. Pa nthawi ngati imeneyo mawu a namwino wodziwika m'deralo, wolankhula chinenero cha anthu, amatha kuzimitsa bodza limene apolisi alephera kulizimitsa. Koma anthu amamvera namwino amene amamukhulupirira. Amene dzulo anaonetsa chilonda cha agogo awo pa Facebook, lero akanena kuti magazi amene akutenga ndi oyeza malungo basi, ndani angamumvere?

Njira zabwino zogwiritsira ntchito foni pa zaumoyo zilipo kale. Ku Malawi ntchito ya Chipatala Cha Pa Foni inayamba ku Balaka mu 2011 n'kufalikira dziko lonse, ndipo munthu amafunsa za matenda ake payekha, popanda gulu lomvetsera. Kuno ku Mozambique alangizi a zaumoyo a m'midzi, aja amati ma APE, anapatsidwa mafoni okhala ndi pulogalamu ya upSCALE yowathandiza kuyeza ndi kulemba odwala, ndipo Zambezia inali chimodzi mwa zigawo zimene zinalandira ntchitoyi. Kusiyana kwake n'kwakuti njira zimenezi zinakonzedwera ntchito ya chipatala, ndipo zolembedwazo zimapita kwa oyenera. Facebook ndi TikTok zinakonzedwa kuti chinthu chionedwe ndi anthu ochuluka mmene zingathekere. Imeneyo ndiyo ntchito yake, ndipo imaigwira bwino.

Nanga namwino wa kumudzi amene wakumana ndi matenda omuzunguza mutu, dokotala ali kutali ku Milange, atani? Safunsa anadya phula, ndipo kufunsa kwa wodziwa n'koyenera. Koma pali kafunsidwe kake. Choyamba ayambe wafotokoza ndi mawu, chifukwa nthawi zambiri mawu amakwanira. Ngati chithunzi chikufunikadi, apemphe mwini wake momveka: "Amayi, chilonda ichi ndikufuna adokotala achione. Ndijambula mwendo wokha, nkhope yanu ndi dzina lanu sizioneka, ndipo akayankha ndifufuta inu mukuona. Mukulola?" Mayiyo akati, "Jambulani anesi, bola dzina langa lisamveke," ajambule malo okhawo, khadi la wodwala ndi chitenje zili patali, atumize kwa dokotala mmodzi yekhayo osati kugulu, ndipo akalandira yankho afufute. Mayiyo akati iyayi, ndiye kuti iyayi, ndipo thandizo alandire chimodzimodzi.

Pa nkhani ya chilolezoyi pafunika kusamala kwambiri. Munthu wogona pabedi, amene akudikira jakisoni kwa yemwe akumupemphayo, kukana kumamuvuta. Amavomera chifukwa cha mantha kapena ulemu. Agogo amene sanagwirepo foni ya intaneti akamva zojambulidwa amaganiza za chithunzi chopachika pakhoma, sadziwa kuti chikhoza kuonedwa ku Nampula ndi ku Lisboa usiku womwewo. Kulola kujambulidwa kuti dokotala aone si kulola kuikidwa pa Facebook. Mwana wonyentchera amene chithunzi chake chikuyenda ndi mawu opempha thandizo adzakula, ndipo adzachipeza. Wokomoka, wodwala misala ndi womwalira sangavomere kanthu, choncho asajambulidwe kuti anthu aone.

Potumiza uthenga kwa wodwala nakonso namwino akumbukire kuti foni imodzi imagwiridwa ndi banja lonse. Uthenga wokumbutsa tsiku lobwera kuchipatala usatchule matenda kapena dzina la mankhwala. Zotsatira za magazi sizinenedwa pa foni kwa munthu amene wangoyankha kuti ndine mwamuna wake. Ndipo wodzijambula kuntchito ayambe wacheuka kaye. Aone amene ali kumbuyo, aone mapepala ali patebulo, aone bolodi la maina pakhoma. Pabwalo pansi pa mtengo wa mango, popanda wodwala, yunifolomu imaoneka bwino chimodzimodzi.

Kungakhale kupanda chilungamo kuunjika mlandu wonse pa namwino. Ambiri amagwira ntchito ali ochepa, mzere uli mpaka panja, ndipo foni imene amaitanira ambulansi kapena kutumizira malipoti ndi yawo, yogula ndi ndalama za m'thumba mwawo. Ngati akuluakulu a zaumoyo m'boma akufuna kuti za odwala zisasakanikirane ndi zithunzi za ukwati, apereke foni ya ntchito yokhala ndi nambala yotsekera, imene izikhala pachipatala. Aike lamulo lolembedwa la zimene zingatumizidwe pagulu, ndipo mkulu wa pachipatala aziunika maina a m'gulumo n'kuchotsa amene anachoka. Ophunzira unamwino aphunzitsidwe zimenezi asanakhudze wodwala woyamba.

Nawonso odikirira odwala ndi ozonda matenda asadziyese oyera. Nthawi zambiri wojambula m'wodi si namwino, koma m'bale amene akufuna kuonetsa a ku Joni mmene bambo afookera kuti atumize ndalama, ndipo pachithunzipo patuluka odwala ena atatu. Pakachitika ngozi ya njinga yamoto, mafoni amatuluka msanga kuposa manja onyamula wovulala. Choipa koposa ndi cha maliro. Mwambo umati imfa imayamba yafika kwa mwini mbumba ndi kwa mfumu, kenaka anthu osankhidwa amakauza ofedwa mwaulemu atawakhazika pansi. Lero mayi amamva za imfa ya mwana wake pa Status ya munthu wachilendo ali pamsika. Wojambula namwino mobisa kuti amuyalutse nayenso akulakwa, chifukwa madandaulo ali ndi khomo lake.

Khomo limenelo wodwala aliyense alidziwe. Ali ndi ufulu wokana kujambulidwa, ndipo kukanako si chifukwa chomumanira mankhwala. Amene waona kuti chinsinsi chake chaululidwa akhoza kukadandaula kwa mkulu wa chipatala, ku komiti ya anthu a m'mudzi yothandiza kuyendetsa chipatala, kapena ku ofesi yomva madandaulo ya Gabinete do Utente kumene ilipo. Akhozanso kupita ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Milange, ngakhale kupolisi. Wolandira chithunzi cha wodwala pa foni yake nayenso ali ndi mbali yake: asachitumize kwina, achifufute, ndipo amuuze wotumizayo kuti walakwa.

Anamwino ambiri a m'midzi ya Milange amasunga zinsinsi zolemera kuposa thumba la chimanga, ndipo amapita nazo kumanda osauza munthu. Amakumana ndi wodwala wawo kumsika n'kumupatsa moni ngati sanamuonepo atavula. Amenewo ndiwo amachititsa kuti mayi ayende makilomita ambiri usiku kukachilira kuchipatala, ndi kuti bambo abwerenso mwezi wamawa kudzatenga mankhwala ake. Kwa anzawo amene chala chimayabwa akaona kamera, funso loti adzifunse asanadine ndi limodzi: akanakhala mayi awo ali pabedipo, akanalola kuti chithunzicho chituluke? Ngati yankho ndi iyayi, foni ibwerere m'thumba, ndipo manja onse awiri abwerere kwa wodwala.